Phula latsopano pa msewu wotopa: kompyuta imadziwa chiyani?

 Lero tikambe za msewu, makamaka ntchito ija yosanjika phula latsopano pamwamba pa msewu wakale, imene mainjiniya amaitcha overlay.

Mukakwera minibasi n'kudutsa pamene makina akugwira ntchito yotere, mlandu umaweruzidwa pompo. Wina amasuzumira pawindo n'kunena kuti, "Taonani kupyapyala kwakeko, ndalama zadyedwa apa." Mnzake n'kuvomereza kuti mvula ziwiri zokha maenje abwerera. Nthawi zina amalondola ndithu, sindikukana. Koma muyeso wawo ndiwo ndikuukana. Phula lochindikala mamilimita 40 limatha kukhala zaka zambiri pa msewu wina, pamene la mamilimita 100 limasweka chaka chisanathe pa msewu winanso. Chimene chimasiyanitsa awiriwa sichioneka pawindo la minibasi. Chili pansi pa phulalo, chili m'malole amene adzadutsepo, ndiponso chili m'madzi.

Masiku ano kuchindikala kwa phula amakuwerengera pakompyuta, ndipo mawu akuti "tawerengera pakompyuta" amatseka anthu pakamwa pamisonkhano. Ine ndikufuna kuti pomaliza nkhaniyi mawu amenewa asamakutsekeninso pakamwa, chifukwa pulogalamu ya pakompyuta siinaupondepo msewuwo. Imadziwa zokhazo zimene munthu waiuza.

Nkhaniyi si yakutali. Msewu wa M1 ndiwo msana wa dziko lino, kuchokera ku Songwe m'malire ndi Tanzania mpaka ku Marka ku Nsanje. Mu 2019 boma linasainirana ndi European Investment Bank pamodzi ndi European Union mgwirizano wa ndalama zokonzera makilomita pafupifupi 300 a msewuwu: kuyambira pamphambano yopita kubwalo la ndege la Kamuzu, kudutsa ku Kasungu ndi ku Jenda mpaka pamphambano ya ku Mzimba, kenaka kuchokera ku Kacheche kukafika ku Chiweta. Ntchitoyi anaikhazikitsa mu 2022. Pa mtunda wautali chotere, funso loyamba la injiniya silikhala loti phula lichindikale bwanji ayi. Amayamba wafunsa kuti ndi pati pamene kusanjika kungathandize, ndipo ndi pati pamene afunika kufukula n'kuyambiranso pansi.

Paja chakuda chimene timachiona pamwamba ndi kachigawo kochepa chabe ka msewu. Misewu yathu yambiri yakale pamwamba pake pali phula lothiridwa miyala yaing'ono kawiri, losafika ngakhale masentimita 3. Ntchito yake yaikulu ndi kutchinga madzi ndi kupatsa matayala pogwira. Chimene chimasenza katundu ndi gawo la pansi pake, limene amati base, lopangidwa ndi miyala yophwanya kapena dothi la nsangalabwi losakaniza ndi simenti kapena laimu. Pansi pa limenelo pali gawo lina, ndipo pansi penipeni pali dothi la pamalopo, kaya ndi katondo, kaya mchenga, kaya makande aja a ku Phalombe ndi kuchigwa cha Shire amene amafufuma ndi mvula n'kung'aluka m'chilimwe. Magawo a pansiwa akafooka, kusanjika phula kuli ngati kufolera udzu watsopano pa phaso lodyedwa ndi chiswe: tsiku lotsegulira pamakongola, koma denga likugwa ndithu.

Ndiye ntchito imayamba ndi mapazi. Anthu amayenda mumsewu ndi mapepala kapena tabuleti, kulemba chilema chilichonse ndi pamene chili. Ming'alu yolukanalukana imene amaitcha ya ng'ona imaulula kuti msewu watopa ndi kulemera. Ming'alu yodula msewu chopingasa motalikirana nthawi zambiri imachokera ku simenti ya mu base imene inauma n'kukokana. Pamene matayala anakumba mizere iwiri yolowa, amaikapo chitsulo chowongoka n'kuyeza kuya kwake. Apa pamafunika nzeru, chifukwa mzere wopapatiza wokhala ndi milomo yotukuka m'mbali umasonyeza kuti phula lenilenilo ndilo likusuntha, pamene mzere wotakasuka umasonyeza kuti chatitimira ndi dothi la pansi. Matenda awiriwa mankhwala ake ndi osiyana. Palinso galimoto yoyeza mabampu, imene imapereka nambala yotchedwa IRI. Muyeso umenewu unachokera ku kafukufuku amene anachitikira ku Brazil mu 1982 mothandizidwa ndi World Bank, ndipo lero maiko ambiri amaugwiritsa ntchito.

Koma maso amaona pamwamba pokha. Kuti adziwe mphamvu imene yatsala m'kati, amayeza mmene msewu umatitimirira ukalemedwa. Inde omvera, msewu umatitimira lole ikamadutsa n'kubwereranso, kungoti diso silingaone. Wolimba umalowa mwina gawo limodzi mwa magawo atatu a milimita, wotopa umapitirira milimita yathunthu. Njira yakale ndi mtanda wautali umene Alvin Benkelman anapanga ku America mu 1953: amaulowetsa pakati pa matayala awiri a kumbuyo kwa lole yodzaza, lole n'kusuntha, iwo n'kuwerenga mmene msewu wabwererera. Njira yatsopano ndi makina okokedwa pa ngolo otchedwa FWD. Makinawa amagwetsa chitsulo cholemera pa mbale ya mamilimita 300 yogonekedwa pamsewu, kutsanzira kugunda kwa tayala la lole yothamanga, ndipo timakina tomva kunjenjemera tondandalikidwa kuchokera pa mbalepo timalemba mmene msewu walowera pamalo aliwonse. Toyandikira mbale timanena za magawo a pamwamba, takutali timanena za dothi la pansi.

Apa ndi pamene kompyuta imalowa koyamba, ndipo apa ndipofunika kumvetsetsa bwino. Pulogalamu monga ELMOD, ya kampani ya Dynatest ya ku Denmark, imagwira ntchito chobwerera m'mbuyo. Imayamba yangoganizira kuti phula ndi lolimba mwakuti, base mwakuti, dothi mwakuti. Ikatero imawerengera kuti msewu wotere ukanatitimira bwanji, n'kufananiza ndi zimene makina anapeza kumsewu. Zikasiyana imasintha manambala n'kuyesanso, mpaka ziwirizo zitagwirizana. Zimene munthu akanachita mwezi wathunthu, iyo imamaliza musanamwe tiyi.

Koma pali msampha. Pulogalamuyi imafuna kuuzidwa kuchindikala kwa gawo lililonse, siingakupeze yokha. Mukaiuza kuti base ndi wa mamilimita 150 chifukwa mapulani akale akutero, pamene kumsewu omangawo anaika 110, sidzadandaula ayi. Idzakupatsani yankho looneka bwino, la manambala ambiri kuseri kwa kadontho, koma labodza. Komanso mayankho awiri osiyana amatha kugwirizana ndi muyeso umodzi womwewo: phula lolimba pa base wofooka, kapena phula lofooka pa base wolimba. Wosankha pakati pa awiriwa ndi munthu amene anakumba dzenje n'kuona ndi maso.

N'chifukwa chake ndimati chida cholemekezeka pa ntchito yonseyi ndi piki ndi fosholo. Amakumba maenje m'mbali mwa njira ya matayala, kuyeza gawo lililonse ndi tepi, kutapa dothi m'matumba kupita nalo ku labotale, monga Central Materials Laboratory ya boma ku Lilongwe. Kumeneko dothi amalitsindira m'chikombole, kuliviika m'madzi masiku 4, kenaka n'kulibaya ndi chitsulo kuti aone mphamvu imene latsala nayo likanyowa. Ndiyo nambala ija amati CBR, muyeso umene unayambira ku California. Pakati pa dzenje ndi dzenje amagwiritsa ntchito kachida kotchipa kotchedwa DCP: ndodo yachitsulo yosongoka kunsonga, ndi hamala ya makilogalamu 8 imene imagwa kuchokera pa mamilimita 575. Anthu atatu akwana, wogwira ndodo, wokweza hamala ndi wolemba. Ndodo ikamalowa pang'onopang'ono ndiye kuti gawolo ndi lolimba, ikangoti phwathu mwadzidzidzi ndiye kuti yafika pofewa, ndipo kuya kwake kwadziwika. Dziko lino limakadziwa bwino kachidaka, moti mu 2013 unduna woona za mtengatenga unatulutsa buku la kamangidwe ka misewu ya phula yodutsa magalimoto ochepa potsamira pa DCP yemweyu.

Nyengo yoyezera nayo ndi nkhani. Msewu woyezedwa mu Okutobala, dothi litauma gwa, umaoneka wamphamvu. Womwewo mukauyeza mu Malichi, mvula itaulowa miyezi inayi, umanena zoona zake. Kutentha nakonso kumanamiza, pakuti phula la masana ku Chikwawa limafewa kuposa la m'mawa ku Dedza, ndiye woyeza amayenera kulemba kutentha kwa phula nthawi iliyonse kuti pulogalamu ikonze manambala. Akaiwala, kompyuta siingamukumbutse kuti kunja kunali dzuwa.

Tsopano tibwere ku katundu. Apa adalaivala a malole mundimvere bwino, sindikukunenani, ndikungofotokoza masamu. Pakati pa 1958 ndi 1960, ku Ottawa m'chigawo cha Illinois ku America, anamanga misewu yozungulira ya kuchindikala kosiyanasiyana, asilikali n'kumayendetsapo malole usana ndi usiku mpaka misewuyo itasweka. Kafukufukuyu amatchedwa AASHO Road Test, ndipo chimene anapeza chikulamulirabe ntchito ya misewu mpaka lero. Anapeza kuti kuwonongeka kwa msewu sikukwera mofanana ndi kulemera. Mukawirikiza kawiri katundu wa pa ekiselo imodzi, kuwononga sikuwirikiza kawiri, kumawirikiza pafupifupi ka 16. Muyeso umene anagwirizana ndi ekiselo ya matani 8 ndi pang'ono. Ekiselo ya matani 12 imawononga ngati zisanu zoterozo. Ya matani 16, ngati pafupifupi 15. Ndipo kagalimoto kakang'ono, kamene ekiselo yake siifika ngakhale tani imodzi, kayenera kudutsa maulendo masauzande ambiri kuti kafanane ndi ekiselo imodzi ya lole.

Kunena kwina, injiniya wowerengera phula alibe nazo ntchito kwenikweni ma Sienta ndi njinga zamoto. Zimenezo zimafunika poganizira kutambalala kwa msewu ndi chitetezo. Pa kulimba, iye amawerenga mabasi ndi malole, ndipo kuwerenga kokha sikukwana, ayenera kuwayeza. Lamulo m'chigawo chino cha Africa limalola matani 10 pa ekiselo ya matayala anayi ndi matani 56 pa lole yonse. Koma wowerengera msewu akalemba m'kompyuta zimene lamulo limanena m'malo mwa zimene zikudutsadi, walemba maloto. Manambala a pasikelo yokhazikika, monga za m'malire ku Mwanza, ku Songwe kapena ku Mchinji, amathandiza, koma aliyense amadziwa kuti pamenepo pali sikelo. Lole yamchenga, yanjerwa kapena yachimanga yoyenda m'kati mwa dziko mwina siidutsa pasikelo n'komwe. Ndiye pamafunika sikelo yonyamula, yoikidwa pamsewu womwewo masiku angapo, usana ndi usiku, pakuti olemetsa ambiri amakonda mdima.

Palinso china chimene aliyense woyenda pa M1 kumpoto angachione. Matanka a mafuta ochokera ku Dar es Salaam amalowa pa Songwe ali odzaza, n'kukwera Chiweta pang'onopang'ono, koma pobwerera amakhala opanda kanthu. Mbali imodzi ya msewu imasenza katundu woposa inzake kutali. Wophatikiza mbali ziwirizi n'kugawa pakati amapeza nambala imene siikhudza mbali iliyonse: yochepa kwa yolemedwa, yochuluka kwa yopepukidwa. Ndipo pachitunda pamene lole ikukwawa, phula limavutika koposa, chifukwa phula ndi chinthu chimene chimapirira kugunda kwachangu koma chimagonja ku katundu wokhalitsa, makamaka kukatentha. Pamalo otere yankho silikhala kuchindikalitsa kokha koma kusintha kasakanizidwe ka miyala ndi mtundu wa phula.

Akatha apo amalosera za m'tsogolo, zaka 15 kapena 20. Kulosera kumeneku kumaoneka kochepa pa kompyuta, kabokosi kamodzi kolembamo nambala. Koma magalimoto akamachuluka ndi 5 pa 100 chaka chilichonse, pakatha zaka 15 amakhala atawirikiza kawiri. Wina akalemba 3 m'malo mwa 5, phula limapyapyala, mtengo umatsika, aliyense pamsonkhano amasangalala, ndipo palibe amene waba tambala. Msewu wokha ndiwo udzafe msanga.

Zonsezi zikasonkhana, kuwerengera kwenikweniko sikutenga nthawi. Njira ya AASHTO ya 1993 ndi yosavuta kumva: mphamvu imene msewu ukufunika, kuchotsapo mphamvu imene watsala nayo, chotsalacho ndicho phula losanjika liyenera kubweretsa. Njira zina, monga za m'mapulogalamu a ku South Africa a Rubicon Toolbox ndi mePADS, zimawerengera mmene phula likukokekera kunsi kwake ndi mmene dothi likupanikizikira pamwamba pake tayala likaponda, kenaka n'kunena kuti msewu upirira maulendo mamiliyoni angati. Chofunika kudziwa n'chakuti masamu a m'mapulogalamuwa anabadwira kwinakwake. Ku Illinois nthaka imaundana ndi chisanu, kuno ayi. Kuno kuli dzuwa lokalambitsa phula ndi mvula yogwa mwamkokomo. N'chifukwa chake mainjiniya a kuno amatsamira kwambiri pa malangizo a SATCC a maiko a kum'mwera kwa Africa, pa mabuku a bungwe la TRL la ku Britain olembera maiko otentha monga Overseas Road Note 31, ndi pa zimene bungwe la CSIR ku South Africa linapeza poswa misewu yeniyeni ndi makina ake otsanzira malole. Injiniya wosamala sakhulupirira njira imodzi. Amawerengera ziwiri kapena zitatu, ndipo zikasemphana kwambiri amabwerera kumsewu.

Msewu sauwerengera wonse ngati chinthu chimodzi. Pulogalamu imathandiza kuudula m'zigawo zofanana khalidwe, apa makilomita 4 a pamtunda, apo mamita 600 a padambo. M'chigawo chilichonse satengera pakatikati, amatengera chakumalo ofooka, kuti mwa malo 10 aliwonse 9 akhale otetezeka. Ndipo pali zigawo zina zimene yankho loona ndi lakuti pano musasanjike. Base akakhala kuti anaphwanyika, kapena ming'alu yachuluka, phula latsopano limangotengera matenda: mng'alu wakale umakwera n'kutulukira pamwamba pamalo omwewo. Pochepa amatha kumata ming'alu, kupala phula lakale, kapena kuyala kansalu kapadera pakati. Pochuluka amabweretsa makina ogaya phula ndi base pamodzi, kusakaniza ndi simenti kapena phula, n'kutsindiranso kuti pakhale maziko atsopano. Zimenezi zimadula. Koma kwa ine injiniya wofunika malipiro ake ndi amene angaime pamaso pa mwini ndalama n'kunena kuti makilomita awa kusanjika n'kutaya chuma.

Imeneyo ndi mbali ya mphamvu. Pali mbali yachiwiri imene anthu saiganizira, ya maonekedwe a msewu, ndipo imagwiritsa mapulogalamu ena monga Civil 3D ya kampani ya Autodesk kapena OpenRoads ya Bentley. Msewu wabwino umakwera pakati n'kutsetsereka m'mbali kuti madzi asaime, kawirikawiri masentimita 2 ndi theka pa mita iliyonse. Pa njira ya mamita 3 ndi theka, ndiye kuti pakati pamaposa m'mphepete ndi masentimita pafupifupi 9. Pokhota, msewu wonse umapendekera m'kati mwa khonalo kuti galimoto isataye njira. Koma msewu wa zaka 30 unasiya kalekale maonekedwe amenewa. Pena unaphwa, pena unatupa, pena zigamba zinaunjikana. Mukangoyala mamilimita 50 paliponse motsata mmene ulili, mwapanga msewu wakale womwewo wovala zatsopano, ndi zithaphwi zake zomwe.

Ndiye opima malo amajambula msewu wonse, ndipo pulogalamu imaudula chopingasa pa mamita 10 kapena 20 aliwonse. Pa mdulidwe uliwonse imafunafuna kuti msewu watsopano ukhale pamwamba bwanji kuti kutsetsereka kukhale koyenera, komanso pasapezeke malo pamene phula lachepera muyeso uja wawerengedwa. Apa pali njira ziwiri: kudzaza potsika ndi phula losalazira, kapena kupala pokwera. Kachitunda kamodzi kakang'ono pakati pa njira kakhoza kukakamiza msewu wonse kukwera, ndipo kukapala kumapulumutsa malole ambiri a phula. Koma kupala kuli ndi malire, chifukwa pa misewu yathu ya phula lopyapyala mukapala pang'ono mwafika kale pa base. Kusinthasintha kotereku, kuyesa njira iyi ndi iyo n'kuona mtengo wake nthawi yomweyo, ndiko kumene kompyuta imaposadi munthu, ndipo apa ndiyenera kuiyamikira.

Tiyeni tiwerengere limodzi kuti muone chifukwa chake sentimita imodzi amaikanganira. Msewu wotambalala mamita 7, kutalika kilomita imodzi, kuchindikala sentimita imodzi, umadya matani pafupifupi 168 a miyala yosakaniza ndi phula. Pa makilomita 100 ndi matani 16,800, malole a matani 30 okwana 560. Mwa zimenezi, pafupifupi 5 pa 100 ndi phula lenileni, matani oposa 800, ndipo dziko lino silipanga phula ngakhale dontho. Lonse limagulidwa kunja ndi ndalama zakunja zomwe tikuzisowazi. Sentimita imodzi yokha. Tsono taganizani: chida cha GPS chimene opima malo amanyamula pandodo chimatha kuphonya ndi masentimita 2 kapena 3 pa kukwera kwa malo. Pomanga msewu watsopano m'tchire zimenezo sizivuta. Pa ntchito yosanjika masentimita 4 kapena 5, kuphonya kotero ndi theka la ntchito yonse. Pamafunika levulo kapena makina a laser ofananizidwa ndi zikhomo zodalirika. Apo ayi, chithunzi cha pakompyuta chidzakhala chosalala bwino, koma kontilakitala akafika pamalopo adzapeza kuti manambala sakugwirizana ndi nthaka, ndipo mkangano wa ndalama zoonjezera umayambira pamenepo.

Kukweza msewu kuli ndi zotsatira zake zimene pulogalamu siiona pokhapokha munthu ataziika. Phula likakwera koma m'mphepete osakwezedwa, pamatsala chitsika chimene chimagwetsa wakabaza pothawa lole. Pamlatho sungangosanjika, chifukwa ukuwonjezera katundu pa mlathowo ndi kukwirira malo olumikizira. M'malo a malonda monga Mponela, Madisi kapena Jenda, msewu ukakwera madzi amafuna kolowera, ndipo akapanda kupatsidwa ngalande amalowa m'magolosale a anthu. Zotere amazidziwa ndi amene wayenda pansi n'kucheza ndi eni malowo, osati amene wangoona mizere pa sikirini ku ofesi.

Madziwo ndiwo mdani wamkulu, ndipo ndimadabwa kuti pa mikangano yathu ya m'minibasi satchulidwa. Dothi limene lili lolimba likauma limatha kutaya mphamvu yake yambiri likanyowa. Malangizo a m'chigawo chino amafuna kuti pakati pa msewu pakhale pokwera masentimita pafupifupi 75 kuchokera pansi pa ngalande, ndiponso kuti m'mphepete muikidwe phula kuti chinyezi chisafike pamene tayala lakunja limaponda. Pulogalamu yowerengera phula imangoganiza kuti ngalande zikugwira ntchito zaka 20 zonsezo. Siidziwa kuti kalavati anatsekeka ndi mchenga, kuti wina analima mizere mpaka m'ngalande ngakhale malo a msewu waukulu amafika mamita 30 mbali iliyonse kuchokera pakati, kapena kuti pamsika ngalande inasanduka dzala. Apa mlandu si wa mainjiniya okha, ndi wathu tonse. Ndipo mvula ya masiku ano tinaiona mphamvu yake pa namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023, pamene misewu ya kum'mwera inaduka. Kalavati wowerengeredwa pa mvula ya kale ayenera kuwerengeredwanso, apo ayi phula lokongolalo lidzapita ndi madzi pamodzi ndi maziko ake.

Pali chinthu chinanso chimene chimawononga mapulani abwino popanda wolakwa kuoneka: nthawi. Muyeso wa msewu uli ndi tsiku lake. Kuchokera pamene ayeza, kudzafika pamene ndalama zapezeka, makampani aitanidwa kuti apikisane, kontilakitala wasankhidwa, makina afika, pamatha zaka. Pa M1 pomwepa, kuchokera pa kusaina za ndalama kufika pa kukhazikitsa ntchito panadutsa zaka pafupifupi zitatu, ndipo zotere si za kuno kokha. Msewu sudikira. Ukayamba kung'aluka madzi amalowa, ndipo kuwonongeka kumathamanga chaka ndi chaka. Chigawo chimene chinkafuna kusanjika chabe chimadzapezeka chikufuna kufukula. Pulogalamu ya HDM-4, imene mabanki obwereketsa amakonda kuti igwiritsidwe ntchito poona ngati ntchito ya msewu ili yaphindu, imaonetsa zimenezi poyera: kusanjika pa nthawi yake kumatchipa kutali kuposa kumanganso, ndipo pakati pakepo eni magalimoto amakhala akulipira kudzera m'matayala, mashokabu ndi mafuta. Choncho kontilakitala asanayale kanthu, muyeso uyenera kubwerezedwa ndipo mapulani akonzedwenso. Ndalama zimene timadula pa lita iliyonse ya mafuta, ndi zimene timasiya pa zipata zolipirira za Chingeni ndi Kalinyeke, zimapita ku Roads Fund Administration kuti Roads Authority isamalire misewu. Ine ndikadakonda kuti gawo looneka la ndalamazi lizipita ku kuyeza misewu kawirikawiri ndi kusanjika isanafe, ngakhale ntchito yotere ilibe riboni yodula.

Tsiku loyala likafika, kompyuta yatha mbali yake. Phula limachoka kumakina lili lotentha madigiri oposa 140, ndipo liyenera kutsindiridwa lisanazizire. Lole ikachedwa panjira, kapena ikayenda yosafunditsa, kapena mvula ikawaza, phulalo silitsindirika bwino. Limatsala ndi timipata tambiri tolowa madzi ndi mpweya. Pansi pake payenera kusesedwa ndi kupoperedwa phula lomatira, chifukwa magawo awiri osamatana sagwira ntchito ngati chinthu chimodzi, pamene masamu onse aja anaganiza kuti ndi omatana. Woyang'anira ntchito amaboola msewu watsopano n'kutulutsa timizinga ta phula, kuyeza kuchindikala ndi kulimba kwake. Mukadzaona timabowo tozungulira totsekedwa pa msewu watsopano musadandaule, ndi chizindikiro chakuti wina anayeza.

A khansala, a phungu, mafumu ndi atolankhani anzanga, mukadzaitanidwa ku msonkhano wa ntchito ya msewu kwanuko, funso la mamilimita lisakhale loyamba. Funsani kuti msewuwu munauyeza mwezi wanji ndi chaka chanji, munakumba maenje angati ndipo munapezamo chiyani padambo paja. Funsani kumene anayezera malole, ndiponso ngati anayeza usiku. Mufunsenso kuti madzi a pamsika adzalowera kuti. Injiniya amene anagwira ntchito yake adzayankha mosavuta, mwinanso mokondwa, pakuti kawirikawiri palibe amene amamufunsa zimenezi. Ndipo ntchito ikatha, pemphani kuti makina a FWD adutsenso pa msewu watsopanowo nthawi imene kontilakitala akadali ndi udindo wokonza zolakwika isanathe, zotsatira zake zisungidwe pamodzi ndi kuchindikala kwenikweni kwa gawo lililonse monga momwe linayalidwira, kilomita ndi kilomita. Amene adzabwere kudzasanjikanso m'ma 2040 adzafuna manambala amenewo kuti alembe m'pulogalamu yake.